Mbozi Yolemba Zithumwa

1. Tinjira toyera pa tsamba

Ndinationa Lachitatu m'mawa, mvula itangoyamba kumene chaka chimenecho. Ndinali nditaoloka ulalo wathu wa nsungwi kukaona mitengo ing'onoing'ono ya manyumwa, makumi anayi, imene mwana wanga Lua anabzala pamzere watsopano kutsidya kwa ngalande.

Lua amasoka nsapato kufakitale mumzinda wa Saigon. Anandisiyira mwana wake Tham, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, pamodzi ndi mitengo imeneyi. Ponyamuka anati chaka chimene mitengoyo idzabereke, iye adzasiya makina n'kubwerera kwathu. Kuyambira tsiku limenelo Tham sankapita kusukulu asanaizonde.

Masamba anthete onse anali ndi tinjira toyera, tokhotakhota. Ena anali atayamba kale kupiringizika. Ine zolemba za m'buku sindizidziwa, koma izi ndinaziwerenga msanga.

Ndinaitana Tham. Anabwera mswachi uli mkamwa. Ndinathyola tsamba limodzi n'kumuika m'manja.

“Taona apa,” ndinatero. “Kanjira aka kakukhota ngati zimene asing'anga amalemba pa chithumwa, n'chifukwa chake timati mbozi yolemba zithumwa. Make ndi kagulugufe kochepa kuposa njere ya mpunga, koyera konyezimira, kali ndi kadontho kakuda kunsonga ya phiko. Masana sungakaone. Dzuwa likamalowa kamatuluka n'kumaikira dzira limodzilimodzi kunsi kwa tsamba lanthete, pafupi ndi msana wa tsambalo. Lokhwima sikalifuna. Dzira likaswa, kambozi sikatuluka panja ayi. Kamaboola pomwepo, n'kulowa pansi pa khungu la tsamba, n'kumadya kakuyenda. Kamzere kakuda kali pakati pa njiraka ndi ndowe zake. Kakakhuta kamapita m'mphepete, kupinda tsamba ngati mphasa, n'kugona momwemo. Ikangotha milungu iwiri kapena itatu katuluka kagulugufe kena, kukaikiranso. Mtengo waukulu umapirira. Koma waung'ono ngati uwu, masamba akapiringizika sukula, ndipo m'mabala amenewa ndi momwe amalowera matenda a zilonda mvula ikamagwa. Usamaone kuchepa. Kanthu aka kakhoza kukuchedwetsera amako zaka ziwiri.”

Tham analavula thovu m'ngalande, n'kufunsa kuti ndiye tichitenji.

Ndinamuuza kuti tizitsina masamba olembedwawo ndi zala, limodzilimodzi, n'kuwatentha, mpaka nyerere zolonda mitengo zitafika.

“Zifika bwanji, agogo? Zisambira?”

Tonse awiri tinkadziwa chifukwa chake nyerere kunalibe kutsidyako.

2. Alonda a malemu

Nyerere zachikasu zinali za malemu amuna anga. Anabwera nazo m'thumba Lua asanabadwe, ndipo zakhala m'munda wakale wa manyumwa, mbali ya kunyumba kuno, kuyambira pamenepo. Zimasoka masamba n'kumanga zisa zazikulu ngati mutu wa khanda. Mtengo ndi mtengo tinamangirira zingwe m'mwamba kuti ziziyenda osatsika pansi. Nthawi ya dzuwa timazipachikira matumbo a nkhuku kapena mitu ya nsomba. Pokathyola zipatso timadzola phulusa m'mikono ndi m'miyendo, chifukwa poluma sizisankha mwini munda.

Malemu ankanena mawu omwewomwewo chaka ndi chaka.

“Awa ndi alonda. Amang'amba khungu la tsamba n'kusolola kambozi kali moyo. Mtengo wa nyerere zipatso zake zimakhala zamadzi, khungu see. Koma usawakhutitse kwambiri, adzagona pantchito. Usasakanize zisa za mabanja awiri, adzaphana usiku umodzi n'kutha psiti. Choposa zonse, mankhwala opopera asadzalowe m'munda muno ine ndili moyo kapena nditafa. Achikasu akangochoka, mumalowa nyerere zakuda zonunkha zija. Zimenezo sizilonda kanthu, zimangoweta nsabwe za m'masamba ngati ng'ombe zawo, ndipo zikakhazikika, achikasu salowanso.”

Tham nyererezi ankadana nazo. Khosi lake linali zipsera zokhazokha, ndipo anzake kusukulu ankamutcha kuti mkazi wa nyerere. Ena ankamufunsa ngati apongozi ake amalumanso. Komabe ndi iyeyo amene anabwera kwa ine miyezi iwiri m'mbuyomo, chingwe chili m'manja, kuti akwere mtengo waukulu wopendekera pangalande, amange chingwe chofika kumzere watsopano, nyerere zioloke.

Ndinakana. Mtengo umenewo nthambi yake ili pamwamba pa madzi, ndipo madzi akadzaza ngalandeyo imameza munthu wamkulu. Mwana wanga woyamba, Ngot, anamira mumtsinje waukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, akuoloka ndi bwato masanasana. Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ine sindinapondenso m'bwato. Ndinalanda chingwecho n'kumuuza Tham kuti adzamanga ndi amalume ake a Quoi.

Quoi anati mawa. Mawa lakelo linatha miyezi iwiri.

3. Botolo la amalume

Quoi ndi chitsirizira changa. Amakhala kumtunda kwa ngalande, amalima malalanje, ndipo amapopera mlungu ndi mlungu. M'munda mwake simulira ngakhale chule.

Anafika Lachinayi panjinga yamoto, nthawi yeniyeni ya chakudya monga mwa chizolowezi chake. Ataona matumbo a nkhuku ali lendelende pamtengo anaseka.

“Amayi, nyerere zanu zikudya nkhuku, ife ana anu tikudya mpunga ndi mchere.”

“Zikadya zimagwira ntchito,” ndinatero. “Iwe wadya zanga zaka makumi atatu, chingwe chimodzi chakukanika.”

Anati chingwe n'cha makedzana. Tham atamuonetsa masamba aja, iye anaimba mluzu n'kunena kuti mitengo ya achemwali ake yatha basi, akabwera adzapeza ndodo makumi anayi zoyendera agogo. Ndinaona nkhope ya mwanayo ikugwa. Kenako Quoi anatulutsa m'dengu la panjinga kabotolo ka chivindikiro chofiira. Anati tizivindikiro titatu m'thanki yamadzi, kupopera kamodzi, nkhani yatha, munthu n'kukagona.

Ndinaimirira ndi chipande m'manja. Ndinamuuza kuti achotse chinthu chakecho pabwalo la bambo ake asanamalize n'komwe kutafuna. Anayankha kuti amayi mumaopa chilichonse, tsiku lina mudzaopa mpunga kuti ukutsamwani. Anadya mbale ziwiri n'kumapita.

Ndinasuzumira m'dengu lake akuliza njinga. Botolo munalibe.

Madzulo amenewo Tham ali kokasamba ndinafunafuna paliponse: kuseri kwa mitsuko ya madzi a mvula, m'khola la abakha, pansi pa bedi, ngakhale kumbuyo kwa guwa la makolo. Malo amodzi okha sindinagwire, chikwama chake cha kusukulu. Mabuku ndimawalemekeza, sindiwagwira ndi manja a kukhitchini. Iye ankadziwa zimenezo.

4. Loweruka

Loweruka linali tsiku la mwezi wathunthu, tsiku lopita kukachisi. Ndisananyamuke ndinamuimika Tham pakhomo.

“Tamvera. Ndikudziwa kuti botolo lija silinachoke pakhomo pano. Sindikudziwa komwe lili, koma mphuno yanga sinakalambe. Mankhwala amenewo alibe maso. Sadziwa kuti uyu ndi mdani, uyu ndi mlonda, uyu ndi mwana wa Lua. Amalowa pakhungu, amalowa m'madzi amene abakha akumwa. Kambozi kali m'nyumba yofolera bwino, mvula ya mankhwala ikagwa kamangomva phokoso padenga. Amene amafa ndi amene ali panja. Tsina masamba ndi zala monga ndinakuuzira. N'zochedwa, inde, koma zochedwa sizinapheko munthu. Chosamva anachiphikira m'masamba. Wandimva?”

Anati wamva. Maso ake anali pa zala za kumiyendo.

Ndinabwerako dzuwa litapendeka pang'ono. Ndisanafike pachipata fungo linandilandira, lakuthwa, logwira pakhosi. Ndinataya dengu n'kuthamanga, ine amene ndimauza ana kuti asamathamange m'mbali mwa madzi.

Tham anali chikhalire pansi pa mtengo wa kokonati, thanki yopopera ya Quoi ili pambali, atagwira mutu. Malaya kumsana anali atanyowa ndi mankhwala otayikira. Ukali ndinayamba ndauika pambali. Ndinamukokera kumitsuko, kumuvula, kumusambitsa ndi sopo katatu, tsitsi lomwe. Ndinamuyang'ana m'maso, kumuuza atulutse lilime, kumufunsa ngati akuona bwino. Atanena kuti mutu wayamba kupepuka, ndi pamene ndinapita kumunda.

M'munda wakale munali zii. Pazingwe panalibe choyenda. Pansi pa mitengo nyerere zinali mbwee ngati wina wamwaza mpunga wachikasu, zina zikuphiriphithabe. Zisa zinali zonyowa, zikudontha. M'ngalande nsomba zathu zinali zitatembenuza mimba, poti anatsukira thanki momwemo.

Ndinabwerera n'kumufunsa chinthu chimodzi chokha: mbozi zili kutsidya, nanga munda wakale unalakwanji?

Anafotokoza osandiyang'ana. Anati anakatenga thanki kwa amalume ake ine nditangokhota pakona. Anapopera mitengo makumi anayi ija, mankhwala n'kutsala theka. Pobwerera anadutsa pansi pa mtengo wopendekera uja, nyerere zinayi kapena zisanu n'kumugwera m'khosi. Anaima. Anati anadziwa kuti angathe kungozisansa n'kumapita. Koma anakumbukira dzina lija la kusukulu, n'kulozetsa mpope m'mwamba. Atayamba sanaleke, mtengo ndi mtengo, mpaka thanki inauma.

5. Tsamba padzuwa

Ndinamugwira dzanja n'kumuolotsa ulalo. Ndinathyola tsamba lolembedwa, lonunkhabe mankhwala, n'kuliimika pakati pa maso ake ndi dzuwa.

Kumapeto kwa kanjira koyera kunali kambozi kachikasu, kopyapyala ngati ulusi. Kanali kugwedeza mutu uku ndi uku, kakudya.

Tham anathyola tsamba lina, n'kuthyolanso lina. M'masamba khumi, asanu ndi atatu anali ndi amoyo.

“Koma pabotolo analemba kuti amapha tizilombo tonse,” anatero.

“Ndiye sananame. Tonse timene anatipeza atipha. Wapha alonda zikwizikwi, wakuba ali m'chipinda akudya. Zaka makumi anayi agogo ako aamuna akudzola phulusa, akulumidwa mpaka m'makutu, iwe wazitha m'mawa umodzi chifukwa cha nyerere zisanu m'khosi. Sukulu yakoyo inakuphunzitsa kuwerenga botolo, kuwerenga tsamba ayi. Madzulo ano timagulugufe tibwera kuchokera m'minda ya anthu, tipeza chitseko chili pululu. Ndipo sitidzathera kuno kokha, tiolokera ndi kumunda wakale umene ukutidyetsa. Amako ndidzawauza chiyani? Kuti mwana wawo ndi wanzeru?”

Ndinkayembekeza misozi. Koma Tham anaponya masamba aja pansi mwaukali.

“Muwauze za chingwe.”

Ndinamufunsa kuti wati chiyani.

“Ndati muwauze za chingwe, agogo. Ndinabwera nacho m'manja, munalanda. Nyerere zikanaoloka kale mvula isanayambe, mbozi izi sizikanapeza pokhala. Mumaopa mtengo, mumaopa madzi, mumaopa mphepo. Amalume a Ngot anamira ine ndisanabadwe, koma womangidwa miyendo ndine. Zanga ndavomera, ndalakwa. Nanga zanu avomere ndani?”

Dzanja langa linakwera lokha. Pakhomo pathu dzina la Ngot silitchulidwa ndi mawu otero. Iye sanazinde, anangondiyang'ana ndi maso a make. Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi, kenako ndinalitsitsa n'kukapukutira kumalaya ngati lanyowa.

Tinaoloka ulalo aliyense payekha. Nsomba zakufa tinazivuula n'kuzikwirira kutali ndi abakha. Mpunga wa madzulo amenewo anadya ndi agalu.

6. Chingwe cha bwato

Lamlungu m'mawa foni ya Tham inalira tikutsina masamba. Anali Lua. Anati apatsidwa masiku awiri, abwera pa mwambo wokumbukira tsiku limene bambo ake anamwalira, kutatsala masiku asanu ndi anayi. Anafunsa za mitengo yake, kuti kodi yafika m'chiuno. Tham anati mawu sakumveka bwino, n'kudula.

Tinapitiriza kutsina. Patapita nthawi anandifunsa, mawu ali pansi, kuti agogo ake aamuna nyerere zija anazitenga kuti.

Ndinayankha ndisanaganize. Ndinati kutsidya kwa mtsinje waukulu, kwa a Bay Doi, mkulu amene ali ndi mitengo ya mango kumbuyo kwa nyumba. Mbali ino aliyense anapopera, zatsala kumeneko basi. Ndinati amadula chisa ndi mpeni womangirira kunsungwi yaitali, chigwere m'thumba, n'kumanga msanga kukamwa.

Nditaona momwe ankamvetsera, ndinaluma lilime.

“Usayerekeze,” ndinatero. “Mtsinje uja si ngalande. Madzi akamaphwa kubwerera kunyanja amakoka ngati ng'ombe, pakati pali zombo za mchenga zimene mafunde ake amagubuduza bwato ngati chikamba cha kokonati. Mwezi uno mvula imabwera masana osagogoda. Tidikira Quoi, akatenge ndi bwato la injini.”

“Mawa?” anafunsa.

Kenako anapitiriza kutsina.

Chakumasana ndinapita kuseri kwa munda wakale kukatola nthambi zouma. Pampanda wa nsungwi wolekanitsa ife ndi a pafupi ndinaona mzere wakuda ukuyenda. Ndinaika chala n'kununkhiza. Zinali zija malemu ankanena. Zinali zitakwera kale mtengo woyamba, ndipo zapatsogolo zinali pachingwe cha amuna anga, zikulowera kumtengo wachiwiri ngati zinamanga ndi izo.

Ndinathamangira kunyumba ndikuitana Tham kuti abwere ndi chikwanje tidule zingwe. Sanayankhe. Kumzere watsopano kunalibe munthu, dengu la masamba lili pansi. M'khitchini munasowa matumba awiri a mpunga opanda kanthu ndi chitini cha phulusa. Nsungwi yaitali yothyolera zipatso sinali pakhoma pake.

Matumba awiri. A Bay Doi ali ndi mango kumbuyo kwa nyumba ndi mango ena kudoko, ndipo nyerere za mitengo iwiriyo ndi adani. Zimenezo sindinamuuze. Ndinali nditatha mpweya wonse kumuopseza za madzi.

Ndinatsikira kudoko kwathu. Pamtengo womangirirapo bwato lathu panali chingwe chokha chikusewera m'madzi, ndipo madziwo anali atayamba kuphwa, akuthamangira kumtsinje waukulu. Kumene ngalande imathera, thambo linali litada bii.

Ndinaitana dzina lake kawiri. Anayankha ndi abakha.

Pafupi pomwepo panali kabwato ka a pafupi, kopalasa ndi nkhafi imodzi, madzi ali pang'ono pansi pake. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinavula nsapato, kuziika bwinobwino pamtunda moyang'ana kunyumba, n'kuyamba kumasula mfundo ya chingwe cha kabwatoko.